Timanja ta pa Njerwa

Ndisanapite ku Dubai ndidaumba njerwa. Anthu a ku Mponela kuno amakumbukira sutikesi yofiira imene ndidabwereka kwa aphunzitsi ena, koma ine ndimakumbukira matope. Bambo wa mwana wanga anali atathawira ku Kasungu ndi mkazi wogulitsa zitumbuwa, ndipo ndidalumbira kuti sindidzagonanso m'nyumba imene mwamuna angandiuze kuti tuluka. Ndidabwereka chikombole, ndidaponda dothi ndi mapazi angawa, chilimwe chonse ndili pachulu kuseri kwa nyumba ya amayi.

Takondwa, mwana wanga mmodzi yekhayo, anali ndi zaka zisanu. Ntchito yake inali yoononga. Ndikangokhuthula njerwa yaiwisi n'kutembenuka, iye phaa! kadzanja pamwamba pake. Ndikamukalipira ankayankha kuti, "Ndikusayina, amama, kuti akuba asabe." Sindikudziwa kumene adazimva zosayinazo. Zina ndinkafafaniza, zina ndinkangozisiya chifukwa cha kutopa, ndipo zidalowa mu uvuni ndi timanja take. Uvuniwo utapsa ndidaumata bwinobwino, n'kuusiya m'manja mwa achimwene anga a Layitoni. Iwo ndiwo mwinimbumba wathu, malume ake a Takondwa. Mwanayo ndidamusiya ndi amayi. Ndidati ndikapeze za malata ndi simenti, ndibwere ndimange.

Nyumba yoyamba imene ejenti wondipezera ntchito adandiponyako inali ku Jumeirah. Kunja kwake kunali maluwa, ndipo nyanja inali pafupi, koma ine nyanjayo ndinkangoiona ndikamayanika zovala padenga. Ndinkagona m'kachipinda ka makina ochapira. Pasipoti yanga madamu adaitsekera m'kabati tsiku lomwe ndidafika. Mawu a Chiarabu oyamba kuwadziwa anali "yalla", kutanthauza kuti fulumira, chifukwa ndiwo ankandidzutsa, ndiwonso ankandichotsa pa mbale ndisanamalize kudya.

Takondwa adamwalira ndi malungo dzinja lachiwiri. Adadwala Lachitatu, pofika Loweruka anali atapita. Ndidagwada pamaso pa madamu kupempha pasipoti. Adandiyang'ana ngati ndaswa kapu, n'kunena kuti, "Khalas, zatha, wafa kale. Ukapita ukamudzutsa?" Maliro a mwana wanga ndidawamvera pa foni, nditakhala pa ndowa yovundikira, makina akuzungulira pambali panga. Nyimbo inkamveka n'kuduka, kumveka n'kuduka. Mayi uja sindidamukhululukire, ndipo musandiuze za m'Baibulo, ndimazidziwa.

Sabata yomweyo ndidaimbira achimwene. Ndidati za nyumba zatha, ndimange nyumba yoti ndigonemo ndi yani? Njerwa zija akamangire chiliza cha mwana, zotsalazo azunguze mpanda kuti mbuzi zisamapondepo. Simenti ndidatumiza.

"Usade nkhawa, mlongo wanga," adatero. "Mvula ikangotha, timanga. Ujatu ndi mwana wanganso."

Mvula idatha. Idabweranso, idathanso. Ndikafunsa, mmisiri wadwala. Ndikafunsanso, kumudzi kuli maliro ena.

Amene adanditulutsa m'nyumba ya madamu uja ndi Esinati, mayi wa ku Chipata amene ankakolopa m'maofesi ku Business Bay. Tidadziwana kutchalitchi, atandimva ndikuyimba Chichewa chapansipansi pamene ena ankayimba Chizungu. Esinati anali wamfupi, wapakamwa ngati wailesi, koma ndiye ankandibweretsera tinsomba ta kapenta ndi chibwabwa chouma, ndiye ankanditsina ndikayamba kulira pa basi. Kontilakiti yanga itatha adandiuza kuti, "Iwe, bwana wina ku ofisi kwathu afuna muntu wosunga atate bake. Ni kamdala kovuta maningi, batatu bathaba kale. Manje iwe wazolowera kuvutika, yesa chabe."

Kamdalako kanali a Solomoni. Nzeru za Solomoni wa m'Baibulo mwina analibe, koma mkwiyo anali nawo wokwanira mudzi wonse. Anali Myuda wobadwira ku Joni. Mwana wawo, bwana uja, adawatengera ku Dubai miyendo itafa, ndipo ankayenda pa chikuku, njinga ya olumala ija. Ankatukwana kutentha, ankatukwana makina oziziritsa m'nyumba, ankatukwana supu. Atamva kuti ndine wa ku Malawi adati ali mnyamata ankagwira ntchito ndi Anyasa pa sitolo ya bambo awo, ndiye dzina langa lidangosanduka Nyasa. Tsiku lina adandiponyera supuni. Ndidaitola, n'kuiika patali pomwe sakadafikira, n'kuwauza kuti aitenge okha. Adaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira tsiku limenelo tidagwirizana, ndipo pasipoti yanga inkagona pansi pa pilo wanga.

Chithunzi chidandipeza ndili m'nyumba imeneyo. Achimwene ndiwo adachiika okha pa foni kuti dziko lonse lione. Adatsegula bawa pa msika wa kwathu. Adavala magalasi akuda, botolo m'manja, atatsamira khoma losapaka pulasitala. Ndidachikulitsa kuti ndione mmene anenepera. Pafupi ndi phewa lawo panali kadzanja.

Tiyeni ndikuuzeni za umbombo. Njerwa ikagonekedwa bwino pakhoma, nkhope yake imabisika m'matope. Koma achimwene adauza mmisiri kuti aziimika njerwa cham'mbali kuti zochepa zikwane khoma lalikulu. Ndiye nkhope zonse zidatsala poyera, zina kunja, zina m'kati. Akadakhala owolowa manja pang'ono, bwenzi mpaka lero ndikudikira kuti mvula ithe. Ndidayang'anitsitsa chithunzicho ndipo ndidapezanso kadzanja kena m'munsi, chakumakona, pamalo pamene aliyense wodziwa bawa akudziwa zimene amuna amachitapo mowa ukawatsika.

Sindidalire. Ndidaimbira amayi. Adayamba ndi kuusa moyo, kenako adati, "Mwanawe, chibale ndi fupa, sichiola. Mlongo wako adati akapeza phindu aumbitsa zina." Ndidafunsa ngati zinazo zidzakhale ndi manja a Takondwa.

Miyezi yotsatirayo ndidaipa mtima, ndipo sindibisa. Ndikamasita malaya a bwana ndinkaona bawa ija ikuyaka. Ndikamasenda anyezi ndinkaona achimwene akupempha m'misewu. Esinati ankandithandiza kuganiza zoipa tikakumana pa ofu.

"Tuma anyamata baishoke na petulo, khalas!" adatero tsiku lina tikudya tchipisi pa siteshoni.

"Njerwa yopsa kale siopa moto," ndidamuyankha. "Denga lipsa, khoma litsala, ndipo aziwazabe mwana wanga mikodzo."

"Ndiye nikupeleke kuli ba sing'anga bena ba ku Katete, bali na namba ya foni. Mimba izatupa monga chule."

Ndidaitenga nambayo. Sindidaimbe, osati chifukwa cha chifundo, koma chifukwa munthu wotupa mimba anthu amamumvera chisoni. Ine sindinkafuna kuti wina aliyense awamvere chisoni.

Ndiye kudabwera ulendo wa ku Poland. A Solomoni adaumirira kuti asanafe akaone kumene bambo awo adachokera, mzinda wa Krakow. Bambo awowo adachokako ali mnyamata nkhondo ya Hitler isanayambe, ndipo abale onse amene adatsala adaphedwa. Bwana adayesa kukana, koma kukana a Solomoni kunali ngati kutseka mtsinje ndi lichero. Adandikonzera mapepala, poti wokankha chikuku ndi wowasambitsa ndinali ine.

Kuzizira kwa kumeneko kudandilowa m'mano. Dera limene Ayuda ankakhala limatchedwa Kazimierz. Misewu yake ndi ya miyala yoyalidwa, ndipo chikuku chinkagwedera moti a Solomoni ankatukwana mwala uliwonse paokha. Amene ankatitsogolera anali mayi wachipolishi wotchedwa Agata, woleza mtima ngati namwino. Adatilowetsa m'masunagoge, nyumba zopemphereramo Ayuda, zina zasanduka zongoonetsa alendo. Adationetsa pa mafelemu a zitseko zakale timaenje topendekeka, pamene eni nyumba ankaikapo kabokosi ka mawu a Mulungu. Tibokosito tidazulidwa, maenje okha ndiwo adatsala. Pabwalo lalikulu panali malo odyera, anthu akuyimba nyimbo zachiyuda, alendo akujambulana ndi kuseka.

"Taona, Nyasa," adatero a Solomoni. "Nyimbo zathu zilipo, chakudya chathu chilipo. Ife tokha ndife tikusowa."

Nyumba ya agogo awo tidaipeza. Pansi pake ankagulitsapo mowa ndi khofi. Adaiyang'ana nthawi yaitali. Bwana adawagwira phewa n'kunena kuti ndi zakale, amene alimo panopa sadalakwe kanthu. "Ndikudziwa," adayankha mokalipa. "Ndiye vuto lake limenelo. Ndilibe woti ndimumenye." Ine kuseri kwa chikuku ndidaganiza kuti pamenepo ndiye ndidawaposa, chifukwa wanga woti ndimumenye ndinkadziwa pamene amakhala.

Titafika pachipata cha manda a Ayuda, a Solomoni adagwira mateyala a chikuku ndi manja awo kuti ndiime. Ndidayesa atopa. Koma adati iwo sangalowe, mwana wawonso sangalowe. Banja lawo ndi la mtundu wa ansembe, mbumba ya Aroni, ndipo mwamuna wa mtundu umenewo saloledwa kuyandikira manda. Munthu amene ku sunagoge ankapita mwa apo ndi apo, amene ankakangana ndi Mulungu pa chakudya cham'mawa, lamulo ili lokha ankalisunga chifukwa bambo awo adalisunga. Tidauluka mtunda wonse uja kuti adzaime pachipata.

"Ulowe ndiwe," adatero. Adatulutsa timiyala tiwiri m'thumba la jekete, timene adanditolesa mumsewu m'mawa ndisakudziwa ntchito yake, n'kundipatsa kamodzi. "Ife sitiika maluwa, timaika mwala. Agogo anga dzina lawo ndi Leibu. Agata awerenga mayina pa miyala ya pamanda. Iwe uziyang'ana manja awiri."

Ndidati kwathu mkazi salowa kumanda chilowerelowere. Adati kuno si kwanu, yalla.

M'katimo munali mitengo italiitali ndi ziliza zopendama, zina zitamera ndere. Agata adandifotokozera tikuyenda kuti nthawi ya nkhondo Ajeremani adazula miyala ya pamanda, ina adagulitsa kwa amisiri, ina adaiphwanya n'kuyala mumsewu kuti magalimoto ndi nsapato zizipondapo. Nkhondo itatha, anthu ochepa amene adapulumuka adayenda kuitola kulikonse kumene idali. Sakadadziwa kuti chidutswa chilichonse chidachoka pa manda ati. Ndiye adazimangira pamodzi kukhala khoma, zilembo zitayang'ana kunja.

Tidakhota, ndipo khomalo lidali patsogolo panga. Zidutswa zazikulu ndi zazing'ono, zilembo zoduka pakati, apa mkango wopanda mutu, apo kandulo yothyoka. Kenako ndidaona manja. Manja awiri osemedwa pa mwala, zala zotambasula. Pamwamba pake ena. Chakumunsi dzanja limodzi lokha, linzake lidatsalira mumsewu. Agata ankanena kuti chimenecho ndi chizindikiro cha ansembe podalitsa anthu, koma mawu ake ankamveka ngati ali kutsidya kwa mtsinje. Ndidakhala pansi pa masamba onyowa, n'kulira maliro amene ndidawameza m'kachipinda ka makina ochapira. Ndidalira mwachichewa, motchula dzina, moti azungu ena amene ankajambula adachokapo.

Dzina la Leibu sitidalipeze. Agata adafufuza mpaka maso kufiira. Ndidasankha manja amene adali athunthu, n'kuika kamwala kaja pa kampata ka pamwamba pake, pomwe padali kale timiyala ta anthu ena.

Nditatuluka a Solomoni adandiyang'ana kumaso. "Walira agogo anga, iwe? Sunawadziwe n'komwe." Ndidatulutsa foni n'kuwaonetsa achimwene ndi magalasi awo akuda. Ndidakulitsa paphewa paja. Ndidawauza zonse, pachipata pomwepo, bwana ndi Agata akumva.

"Ali moyo mbale wakoyo?" adafunsa mdala uja.

"Ali moyo, akunenepa."

"Khomalo lilipo?"

"Lilipo."

"Nanga ukutani kuno?" Adandifumbatitsa kamwala kachiwiri kaja. "Aka kanali ka agogo aakazi, koma iwo alibe manda kulikonse. Kapite nako."

Sadandiuze kuti ndikhululuke, ndipo n'chifukwa chake ndimawakumbukira ndi ulemu.

Tchuthi ndidachitenga mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Esinati adandiperekeza ku eyapoti akudandaula kuti sadzaonera nawo. Ku Lilongwe sindidagule nsalu za amayi kapena nsapato za ana a achimwene. Ndidagula hamala, tchizulo ndi wilibala. Kumudzi ndidapeza amayi atakalamba, achimwene atamera mimba, akazi awo atavala wigi. Onse ankayang'ana chikwama changa. Tidapempha chilolezo cholowera kumanda, ndipo ndidakaona pamene adagoneka mwana wanga. Kamtumbira kadali katatitimira, kamtanda ka thabwa katadyedwa ndi chiswe.

Ndidadikira tsiku la msika, masana, bawa itadzaza. Ndidavala chitenje chakuda chimene ndikadavala pa maliro. Ndidaimika wilibala pakona paja, fungo lake losaneneka, ndidagwada, n'kuyamba kugogoda. Khoma adamangira dothi, simenti yanga adathira pansi kuti azivinapo, choncho njerwa yoyamba sidavute. Ndidaitsuka ndi madzi a m'chigubu, ndidaipukuta ndi chitenje, n'kuiika mu wilibala kadzanja katayang'ana kumwamba.

Woyamba kutuluka anali bambo wina wa kabaza, botolo m'manja. "Mayi, mwapenga? Mukugumula bawa ya eni ake?"

"Sindikugumula, bambo. Ndikutenga mwana wanga. Bwerani muone."

Adawerama, adaona, adayang'ana khoma, adayang'ana pamene adaima. Botolo adalitula pansi pang'onopang'ono. Nyimbo m'katimo idazima. Anthu a mumsika adayamba kusonkhana, amayi a tomato, a usipa, ena amene adasenza nawo madzi pa maliro a Takondwa. Aliyense wofunsa ndinkamuyankha modekha zomwezo, kuti izi ndi njerwa za chiliza cha mwana, ndipo dzanjali ndi lake.

Achimwene adatuluka thukuta lili kamukamu. "Mlongo, tiye tikakambirane kunyumba. Ukundichititsa manyazi pagulu."

"Pepani achimwene, ndili pa ntchito. Mvula yatha."

"Ndikuumbira zina! Uvuni wathunthu, mawa lomwe!"

"Mukamudzutse adzasayine."

Adatukula dzanja. Sindidasunthe, ndidangowayang'ana hamala ili m'manja. Mayi wina wa usipa adakuwa kuti, "Mmenyeni tione, a Layitoni! Mwadya za mwana wakufa, mumenyenso mayi wake!" Dzanja lija lidatsika lokha. Wa kabaza uja adandipempha tchizulo, nati zam'mwambazo sindingafikire. Mpaka dzuwa kupendeka tinali tikuzula, kunja ndi m'kati, ndipo khoma lidatsala ndi mabowo ngati chisa cha njuchi. Munthu ali mumsewu ankatha kuona mashelefu a mowa.

Chiliza tidamanga sabata yotsatira. Mmisiri adafuna kupaka pulasitala kuti chioneke chamakono, ndidamuletsa. Ndidamuuza aimike njerwa zija timanja titayang'ana kunja, monga ndidaonera ku Kazimierz. Amayi adabwera ndi nkhata ya maluwa apulasitiki. Ine ndidaika kamwala ka a Solomoni pamwamba. Adzukulu okumba manda adafunsana ngati ndi mankhwala a ku Dubai, ndipo sindidawatsutse.

Ndidabwerera ku ntchito n'kukhalanso ndi mdala uja mpaka tsiku limene adatsikira kulichete. Chithunzi cha chilizacho adachiyang'ana nthawi yaitali, kenako adafunsa ngati ndidazitenga zonse. Ndidati ayi. Imodzi ndidaisiya.

Ili m'kati, pamwamba pa chitseko, moyang'anizana ndi mpando umene achimwene amakhalapo pogulitsa. Ndiyo yooneka bwino kuposa zonse, tizala tonse tisanu ndi mizere ya m'chikhatho. Wa kabaza adafuna kuizula tsiku lija, ndidamugwira mkono. Mabowo ena achimwene adatseka ndi zidina, koma imeneyo palibe mmisiri wa ku Mponela amene amalola kuikhudza kapena kuipaka, ndipo iwo eni ake amaiopa. Omwa mowa adasamukira kwina, akuti mowa sutsika mwana akukuimika dzanja. Adayesa kugulitsa nyumbayo, wogula aliyense amalowa, n'kutukula maso pamwamba pa chitseko, n'kubwerera.

Pano ndidabwerera kumudzi, ndimagulitsa kaunjika pamsika womwewo. Amayi amandipempha kuti ndikaichotse, akuti mlongo wako waonda, sagona tulo, walangika mokwanira. M'mawa uliwonse ndimadutsa pa bawapo ndi belo langa pamutu, ndimawapeza atakhala okha pakati pa mabenchi opanda anthu, ndipo ndimawapatsa moni mwaulemu wonse, "Mwadzuka bwanji, achimwene?" Amayankha maso ali pansi.

Mwana wanga adanena yekha kuti akusayina kuti akuba asabe. Adaba ndithu. Ndiye aziwerenga siginechayo mpaka tsiku limene adzawanyamule kudutsa pansi pake.